Tsiku Limene Mafuta Anawathera a Juvenal

Aliyense woyenda njira yakumpoto kwa mudzi wathu wa Poço do Angico, kuno ku Piauí, anawapezapo a Juvenal ataima pakati pa tchire. Njinga yamoto amakhala ataizimitsa, iwo ali chikhalire pachishalo, chipewa chachikopa chili m'manja, mutu utapendekeka pang'ono. Sakonza kanthu, sasuta fodya, sadikira munthu. Pakapita kanthawi amavala chipewa chija, n'kuiponda njinga, ulendo. Ocheza pakhonde la golosale amati n'kuumira, mdalayo akupumitsa mafuta. Ine anthu amenewa amanditopetsa, chifukwa amaseka zinthu zimene sanafunse.

Zoti a Juvenal ndi woumira mafuta n'zoona, pamenepo sindingawaikire kumbuyo. Kwa zaka khumi ndi zinayi ankadziwika dera lonse lino kuti ndi munthu amene petulo sanamutherepo panjira. Enafe tonse tinakankhapo njinga, thukuta lili kamukamu, agalu akutiuwa. Iwo ayi. Ndipo ankanyada nazo kuposa mmene munthu wopita kutchalitchi ayenera kunyadira.

Koma sanabadwire panjinga. Anabadwira pafamu ya ng'ombe, mwana wa mbusa, mdzukulu wa mbusa, ndipo zovala zachikopa zolowera m'minga anayamba kuvala ndevu zisanamere. Malipiro a mbusa masiku amenewo anali ana a ng'ombe: akabadwa anayi, atatu a mwini famu, mmodzi wa mbusa. Msoti wawo woyamba anaupeza motero ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, chaka chimene anakwatira mayi Dalvina, ndipo ng'ombe zonse zimene anakhala nazo pambuyo pake zinachokera m'mimba mwa msoti umenewo.

Ng'ombe za kuno zimadya zokha m'tchire, iliyonse ndi belu lake pakhosi, ndipo palibe mabelu awiri olira mofanana. A Juvenal ankatha kukhala pakhonde, khofi ali m'manja, n'kunena kuti, "Iyo ndi yakuda ija, ili kuseri kwa miyala, ndipo ikutsimphina." Ukapita unkaipezadi ikutsimphina. Akafuna kuzisonkhanitsa ankakwera kavalo n'kukoka nyimbo ija ya abusa, yopanda mawu, yongotalika ngati kulira maliro, ndipo ng'ombe zinkatuluka m'minga zokha.

Kavaloyo anapita ndi chilala cha 1998. Sanafe, koma chimanga cha pakhomo chinayamba kugawidwa pakati pa anthu ndi chiweto. Mlamu wawo a Tibúrcio, mlongo wa mayi Dalvina, yemwe ndi mwini golosale ija, ndiye anawalowa m'khutu.

"Alamu, kavalo amadya ngakhale Lamulungu, ngakhale tsiku la maliro. Njinga imamwa ikayenda basi. Ukaiimika pakhonde siyang'ana m'mbale mwako."

"Nanga njingayo idzadziwa njira ya kunyumba ine nditaledzera?"

"Inu kuledzera? Munthu woti botolo limodzi limaona Khirisimasi ziwiri?"

Kavalo anagulitsidwa, mwana wawo Neide wa ku São Paulo anaonjezerapo kenakake, ndipo pakhomo panafika njinga yofiira, yamsinkhu, yamatayala amanomano, yogula kwa munthu. Miyezi iwiri yoyamba mayi Dalvina ankangokhalira kuzula minga m'thupi mwa amuna awo. A Juvenal akafuna kuima ankakoka zigwiriro n'kuikalipira njinga ngati imva. Koma munthu amene anaphunzira ng'ombe sangalephere chitsulo. Chaka chisanathe anali akulowa nayo m'malo oti amene anaipanga akanaona akanagwira pakamwa.

Chimene chinkawasowetsa mtendere n'chakuti kavalo akatopa amakuuza, pomwe njinga imangofa osatsanzika. Wotchi yowerenga mtunda inafa kalekale, ya mafuta inalibe n'komwe. Ndiye anadula kamtengo kolimba, kotalika kuyambira pachigongono mpaka kuchala, n'kukasenda bwino, ndipo akafika pamalo odziwika ankakaviika m'thanki. Pamene petulo walekeza ankalembapo mzere ndi mpeni. Mizereyo sinali ya malita, inali ya malo: uwu wa pamtanda wa m'mbali mwa njira, uwu wa padamu la mwini famu, uwu wa pamwala wa miimba. Panalinso mzere umodzi wakuya kuposa yonse, pamwamba pang'ono pa theka, umene ankautcha pobwerera. Mafuta akafika pamenepo a Juvenal ankatembenuka, ngakhale ng'ombe imene akuifuna ikuoneka mchira.

Kamwedwe ka njingayo ankakadziwa konse. Thanki yake inkalowa malita asanu ndi anayi. Pamsewu wouma wadothi lita imodzi inkawayendetsa makilomita makumi atatu ndi asanu. M'minga, pagiya yachiwiri, makumi awiri ndi asanu. Mumchenga wa mitsinje youma, momwe tayala lakumbuyo limangokumba, ngakhale makumi awiri sankakwana. Mphepo yochokera kumaso inkadya gawo lake, thumba la mchere kumbuyo linkadyanso lake. Matayala ankawadina ndi chala m'mawa uliwonse, tcheni ankachidzoza ngati khanda, sefa ya mpweya ankaichapa Loweruka lililonse. Botolo lapadera la petulo sankanyamula. Ankati wonyamula botolo ndi munthu wosaidziwa njinga yake.

Pampu ili kutali kutauni, ndiye petulo kuno timagula m'mabotolo a kachasu kwa a Tibúrcio. A Juvenal botolo lililonse ankayamba alikweza kudzuwa.

"Alamu, petulo wa m'botolo ili akutsika khosi chaka ndi chaka."

"Ndi maso anuwo akutsika. Anthuni, munthu uyu tsiku lina adzakama botolo ngati bere la mbuzi."

"Ndikanakama mukanati ndagula awiri."

Pazaka zonsezo panali chinthu chimodzi chimene chinkatha osalembedwa pakamtengo. Nyimbo ija inasiya kumveka, popeza munthu sungapikisane ndi injini, ndipo hutala inatenga malo ake. Ng'ombe ankazipeza ndi maso tsopano, potsata mapazi ndi ndowe, ndipo ankazipeza msanga kuposa kale, ndiye akanadandaula ndani? Khutu lawo linaphunzira ntchito ina. Injini ikangoyamba kumwa mopitirira muyezo ankaimva, ngakhale makaniko akulumbira kuti palibe vuto.

Kenako kunabwera chilala cha 2012, chimene ngakhale lero sitikonda kuchikamba. Mvula ya Januwale sinabwere, ya Malichi inangonyowetsa fumbi. Mwini famu anakweza ng'ombe zake m'malole n'kupita nazo ku Maranhão. A Juvenal anali nazo khumi ndi imodzi. Zinayi anagulitsa zikadali ndi mnofu. Zisanu ndi imodzi zinafa iwo akuona, ina ndi ina, mafupa ake n'kumayera m'mbali mwa njira. Inatsala imodzi yokha, dzina lake Cravina, yofiira, yamphumi yoyera, ya mtundu wa msoti woyamba uja, ndipo inali ndi bere lotsala masiku. Pakhosi pake panali belu la msoti womwewo, long'aluka pamlomo, lolira mosasa mawu.

A Juvenal anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri. Pamsinkhu umenewo munthu sayambanso khola ndi manja okha. Cravina akanafa, ubusa wa zaka makumi anayi ndi zitatu ukanathera pomwepo, iwo n'kutsala mdala wa njinga chabe. Izi sankazinena, koma aliyense pamudzi ankazidziwa.

Madzulo aliwonse ng'ombeyo inkabwera yokha kudzamwa pakhomo, madzi a galimoto ya boma amene mayi Dalvina ankapungula pa awo ochapira. Lolemba inamwa. Lachiwiri sinabwere. Ng'ombe ya bere padzuwa limenelo imapirira masiku atatu osamwa, lachinayi ndi mwayi chabe.

Lachitatu a Juvenal analawirira m'mbandakucha. Anatsata mtsinje wouma umene umalowera kumpoto, anakhotera kudamu lija lomwe linali litang'aluka ngati chidendene, anazungulira m'minga akuliza hutala. Mapazi a ng'ombe sankaoneka, chifukwa nthaka ya m'tchiremo inali itauma gwa. Kamtengo katanena kuti pobwerera, anabwerera. Lachinayi anachita chimodzimodzi, mbali ya kumadzulo, koma popita ndi pobwera anadzera mumtsinje womwewo. Anafika pakhomo dzuwa likulowa, nkhope ili mbuu, ndipo mayi Dalvina anawaikira nyemba patebulo asanafunse kanthu.

"Mwamuitana, bambo a Neide?"

"Hutala ndaliza mpaka chala chachita dzanzi."

"Hutala," anatero mayiwo, akupukuta mbale youma kale. "Kodi Cravina wasanduka munthu wodikira basi?"

A Juvenal anaponya supuni. "Mukufuna ndiyende wapansi tchire lonseli? Pa tsiku limodzi ndikuzungulira malo oti kavalo akanathera sabata."

"Ine ndangofunsa."

Lachisanu m'mawa a Tibúrcio anatsegula golosale kusanache bwino, ndipo nthabwala kunalibe. Anadzaza thanki okha mpaka pakhosi, kenako anatulutsa mabotolo ena awiri.

"Awa ikani m'chikwama, alamu. Lero si tsiku lochita matama."

"Mabotolo amasweka m'miyala. Ndipo ine njinga yanga ndimaidziwa."

"Mumaidziwa, palibe akutsutsa. Tengani basi."

Sanatenge. Pakhonde panali anthu atatu akumwa khofi, ndipo munthu amene wadzitama zaka khumi ndi zinayi zimamuvuta kutsika ena akuona. Ananyamula chigubu cha madzi, ufa wa chinangwa wokazinga, chibuma cha shuga wa nzimbe, machesi, chikwanje ndi chingwe, n'kulowera kum'mawa, mbali yokhayo ya tchire imene inatsala.

Dzuwa lili paliwombo anali pamwala wa miimba, kutali kuposa kumene ng'ombe ya bere ingafike, koma munthu wosowa amayang'ana ndi mumphika momwe. Anaimika njinga injini ikulirabe, kuopa kutaya nthawi, natsegula thanki, naviika kamtengo. Petulo anali ndendende pamzere wakuya uja. Akutseka thanki anakweza maso, ndipo kutsogolo, kuseri kwa kaphiri, anaona miimba ikuzungulira. Inalipo yoposa khumi, ndipo inali ikutsika.

Anayang'ana kamtengo, anayang'ana miimba. Lamulo lawo linali lisanawanamizepo. Koma miimba ikamazungulira osatera ndiye kuti chinthucho chikadali ndi mpweya, ndipo mawa linali tsiku loti ngakhale atamupeza Cravina akangotengako belu. Anabweza kamtengo m'thumba la malaya. Kwa nthawi yoyamba chigulireni njingayo, anadutsa pobwerera.

Njira yopita kuseri kwa kaphiriko inali ya miyala yosakanikirana ndi mchenga, ya giya yoyamba yokhayokha, ndipo injini inkalira ngati ikuphedwa. Patapita ola lathunthu anafika. Anali bulu, bulu wa munthu wina wotayidwa m'tchire, atagona chammbali, diso likuphethira pang'onopang'ono. A Juvenal anasangalala, kenako anachita manyazi posangalala pamaso pa chinthu chakufa. Anaviika kamtengo. Petulo anali kumunsi kwenikweni, pamalo pamene mpeni unali usanalembepo kanthu.

Njira zobwerera zinali ziwiri. Ya msewu wouma inali yaitali koma yosamwa mafuta. Yodulira ku mtsinje wouma uja inali yaifupi koma yamchenga. Anawerenga m'mutu kawiri, ndipo kawiri konse yankho linali limodzi: palibe imene ikanawafikitsa. Anasankha mtsinje, chifukwa pokhota pena pa mtsinjewo ankadziwa malo amene bambo awo ankafukula madzi.

Anaiyendetsa njingayo mwaulemu wonse umene anaphunzira pa zaka khumi ndi zinayi. Ankasankha mchenga wolimba wa m'mphepete, dzanja lili phee pamoto, osaukweza, osautsitsa. Dzuwa litapendeka injini inatsokomola. Anawerama n'kutembenuza kampopi ka rizevu, kamene anali asanakagwirepo mwakuti kanalimba, ndipo njinga inadzuka. Anafika m'chigawo cha mtsinje chimene anadutsamo Lachitatu ndi Lachinayi, n'kuyamba kuona mizere ya matayala awo omwe. Injini inatsokomolanso, n'kuzima. Anatsika, anaigoneka njinga chakumanzere kuti timafuta totsalira mbali ina ya thanki tikhuthukire kukampopi, anaidzutsa, anaiponda. Inawapatsa makilomita awiri. Kenako inazima, ndipo ngakhale anaiponda mobwerezabwereza, sinayankhenso.

Kunyumba kunatsala makilomita makumi awiri ndi asanu. A Juvenal anakhala pansi pamchenga wotentha, msana atatsamira tayala. Choyamba chimene chinawabwerera m'mutu sichinali ng'ombe, sanali madzi otsala theka m'chigubu, koma kuseka kwa a Tibúrcio. Atazindikira zimenezo anadzida. M'maganizo mwawo Cravina anali atafa kwinakwake, iwo anali atalephera, ndipo chinawatsalira n'kuyenda wapansi kukauza mkazi wawo. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Analibe mphamvu yodzuka.

M'makutu munali mukulirabe injini ngakhale inali itazima. Phokosolo linatenga nthawi kuti lithe, ndipo litatha tchire linayamba kubwerera pang'onopang'ono. Anamva nyenje. Anamva buluzi akuthamanga pamasamba ouma. Anamva nthambi ziwiri zikukhulana ndi mphepo. Anadabwa kuti tchire lili ndi mawu ambiri chotere, ngati munthu wobwera kwawo patapita zaka n'kupeza anthu akadali kuyankhula.

Kenako anamva belu. Linalira kamodzi, mosasa, n'kusiya.

Sanadzuke. Anaopa kuti ndi mutu wawo ukuwanamiza. Anagwira mpweya, anapendeketsa mutu, anadikira. Linaliranso kawiri, chakumanja, kuseri kwa gombe la mtsinje, pafupi kwambiri. Belu long'aluka pamlomo limenelo akanalizindikira pakati pa mabelu chikwi.

Anakwera gombe chokwawa, minga ikung'amba malaya. Kuseri kwake kunali kachigwa kobisika, ndipo pamthunzi wa mtengo umodzi umene unali usanayoyole masamba panali Cravina, atagona, nthiti zili pamtunda, mphuno itauma. Ntchentche zikamuvuta ankagwedeza mutu, belu n'kulira. Pambali pake panali mwana. Anali msoti, wofiira, wamphumi yoyera, ubweya wake utanyambitidwa bwinobwino mpaka kusalala. A Juvenal anagwada n'kuika dzanja pakhosi pake. Anali atafa, koma osati kale. Nyerere zinali zitangoyamba kumene kufika m'maso.

Anamvetsa zonse popanda wowauza. Ng'ombeyo inabisala kuti ibereke, monga zimachitira, ndipo itabereka inalephera kudzuka. Mwanayo anakhala ndi moyo masiku awiri kapena atatu pambali pa mayi wopanda mkaka. A Juvenal anatembenuka n'kuyang'ana kumene anachokera. Kuchokera pamtengowo mtsinje unkaoneka pakati pa nthambi, ndipo pamchenga pankaoneka mizere ya matayala, ya Lachitatu ndi ya Lachinayi, popita ndi pobwera. Sipanali ngakhale mapazi mazana awiri.

Madzi akatayika sawoleka, ndipo ng'ombe inali ikupumabe. Anakhuthulira madzi onse a m'chigubu m'chipewa chachikopa n'kuchigwira kukamwa kwake mpaka inanyambita ndi chikopa chomwe. Pafupi panali mandakaru, chomera chija chaminga chimene mkati mwake mumakhala madzi, chimene timadyetsa ng'ombe pachilala titawaula minga yake. Anadula nthambi zinayi ndi chikwanje. Kusonkha moto m'tchire louma choncho mphepo ikuwomba kunali kudziwotcha wekha, ndiye kunafunika muuni wogwira m'manja. Anatsikira kunjinga, anamasula kabawuti ka pansi pa kabuleta ndi nsonga ya mpeni, ndipo timadontho totsiriza ta petulo tinagwera pansanza imene anang'amba kumalaya. Nsanzayo anaikulunga pa chinthu chimene chinali pafupi, kamtengo ka mizere kaja. Kanali katamwa petulo zaka khumi ndi zinayi, ndipo kanayaka bwino kwambiri. Pomaliza kuwaula nthambi yachinayi kanali katatsala kachidutswa kogwira.

Cravina anadya pang'onopang'ono, madzi a mandakaru akuyenderera kukamwa. A Juvenal anadikira dzuwa lifooke, kenako anapita kumbuyo kwake, anakulunga mchira padzanja, anakoka ndi msana wonse. Ng'ombe inadzutsa miyendo yakumbuyo n'kugwanso. Kachiwiri chimodzimodzi. Anaima akupuma wefuwefu, ndipo osaganiza n'komwe anatsegula pakamwa n'kukoka nyimbo ija. Mawu anatuluka oipa, osweka, ngati chitseko cha dzimbiri. Anayambanso. Ng'ombeyo inatembenuza makutu. Pokoka kachitatu inagwada, inanjenjemera, n'kuima.

Sinafune kumusiya mwana. Inamununkhiza, inamukankha ndi mphuno, ndipo a Juvenal anaisiya ichite zimenezo mpaka itakhutira. Kenako anamukwirira ndi miyala kuti miimba ivutikeko, anamanga chingwe panyanga, n'kutsikira mumtsinje. Njinga anaidutsa ili chiimire pamchenga. Pamalo aja a bambo awo anafukula ndi chikwanje ndi manja mpaka mkono wonse kulowa, ndipo pansi panatuluka madzi amatope okwana zipewa zitatu. Ziwiri inamwa ng'ombe. Anagona pomwepo, ndipo kutacha anapitiriza, mapazi makumi asanu n'kupuma, mapazi makumi asanu n'kupuma.

Loweruka masana anakumana ndi a Tibúrcio pamtanda uja wa m'mbali mwa njira. Anali pa njinga yawo, mabotolo awiri aja ali m'chikwama, maso ali psuu, atazungulira njira yakum'mawa chiyambire m'mawa. Anazimitsa injini, anayang'ana mlamu wawo, malaya ong'ambika, milomo yosweka, kenako ng'ombe.

"Njinga ili kuti, alamu?"

"Mumtsinje. Mafuta anandithera."

A Tibúrcio anali atadikira mawu amenewo zaka khumi ndi zinayi, ndipo anali ndi nthabwala zosungira tsikulo zokwana thumba. Anatsegula pakamwa, anayang'ana mimba ya ng'ombe yophwa ndi kumbuyo kwake kopanda mwana, n'kutsekanso. Anamasula chigubu cha madzi.

"Imwani. Kwerani kumbuyo kuno, ng'ombeyo ndiibwerera ine."

"Ayi. Ndiyenda nayo."

Mayi Dalvina anamva belu anthuwo asanaoneke, ndipo pofika pakhomo anapeza chomwera chitadzazidwa kale. Cravina anaviika mphuno m'madzi osaitulutsa. Mayiwo sanathamangire amuna awo, si khalidwe lawo. Anaizungulira ng'ombe, anaisisita pamsana, anayang'ana pansi pa mimba, kenako anaima.

"Nanga mwana, bambo a Neide?"

"Unali msoti. Mphumi yoyera."

Mayiwo anadikira, chifukwa anaona kuti mawu sanathe. A Juvenal anali ataima pakati pa bwalo, chipewa chili m'manja, akuchizunguliza.

"Ndinadutsa pomwepo Lachitatu. Ndinadutsanso Lachinayi, popita ndi pobwera. Matayala anga ali pamenepo, mukhoza kukaona. Mwanayo anali moyo, mayi a Neide. Belu linkalira." Anasiya kuzunguliza chipewa. "Ine ndinkamvera injini."

Mayi Dalvina sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale anali ndi ufulu wonena. Sananenenso kuti musadandaule, chifukwa likanakhala bodza. Anawalanda chipewa chija, anachikoleka pamsomali, anakoka mpando.

"Khalani pansi ndione mapaziwo."

Njinga anakaitenga Lolemba ndi a Tibúrcio, ndipo inalira pongoiponda kawiri, ngati palibe chinachitika. Cravina anachira, ndipo mvula itabwerera anabereka ana ena atatu. Khola la a Juvenal lero lili ndi ng'ombe zisanu ndi ziwiri. Kamtengo anasema kena, koma akuti sikanena zoona ngati koyamba kaja, ndipo masiku ano botolo lapadera amanyamula, lokulunga m'chiguduli. Wina akawafunsa ng'ombe zimene anataya pachilala chija, amati zisanu ndi ziwiri. Zisanu ndi imodzi amati zinaphedwa ndi dzuwa. Yachisanu ndi chiwiriyo saitchula chimene chinaipha.

Ndiye mukawapeza ataima pakati pa tchire, injini itazima, musawafunse ngati mafuta atha. Ena amaima pambali pawo n'kuyamba zoseka, injini zawo zikulira. A Juvenal amangokweza dzanja kuti munthuyo azimitse.